Kukaona Mzinda wa Lilongwe pa Galimoto ya Hayala



Dzinja lapita, chimanga chalowa m'nkhokwe, ndipo amene adalima fodya ayamba kulandira za thukuta lawo. Ino ndiyo nyengo imene munthu wa kumudzi apumulako khasu, ndiyonso imene kandalama kagona m'thumba. Zaka zino tili kuona mwambo watsopano uli kumera pakati pathu, kuno ku Nsaru, ku Kabudula, ku Nambuma ndi ku Namitete: mabanja awiri kapena atatu, pena Mphakati wathunthu, pena a kwaya, asonkha ndalama napangana galimoto ya hayala, kuti akaone mzinda wa Lilongwe. Tsono ena atifunsa ife aphunzitsi kuti, Kodi ulendo wotere uyenera Mkristu, kapena kuli kumwaza chabe ndalama zimene zikadagula feteleza?

Tiyankha poyera. Ulendowu ngwabwino, ukakhala wa banja, wokonzeka bwino, ndi wobwerera kumudzi tsiku lomwelo. Pakuti mwana wanu adzauona mzindawo ndithu, inu mutafuna kapena musafune. Chotsala m'manja mwanu nchimodzi chokha: adzauona poyamba ali ndi yani? Akauona ali ndi atate ake ndi amake, adzamva tanthauzo la zimene aona. Koma akauona atathawa usiku ndi anzake, adzaona magetsi okha, nadzayesa kuti kumeneko ndalama zichita kutola. Kumbukirani kuti Yosefe Woyera ndi Amayi Maria sadamleke Mwana Yesu kukaona Yerusalemu yekha, koma adapita naye iwo eni pamene anali wa zaka 12. Kumbukiraninso kuti ngakhale iwo, oyera ndi osamala monga anali, adamsowa m'chipiringu cha anthu, namfunafuna masiku atatu ndi mtima wowawa. Phunziro lili pawiri: pitani nawo ana, ndipo agwireni pa mkono.

Za kupangana galimoto

Makolo athu, pofuna kukafika pa Boma la Lilongwe, ankalawira tambala woyamba, mtolo pamutu, nakafika dzuwa litapendeka. Lero galimoto itha ulendo womwewo nsima ya m'mawa isanatsike. Koma liwirolo lili ndi mtengo wake, ndipo safunsa adadya phula. Chifukwa chake tiika pano malangizo asanu.

1. Hayala ili pawiri. Pali ya makampani a mu mzinda, amene apereka galimoto kwa munthu kuti ayendetse yekha. Iwowa afuna kuona laisensi ndi chiphaso, afunanso ndalama ya chikole, nawerengera masiku ndi makilomita. Palinso ya kwathu kuno, pamene mwini minibasi kapena galimoto yaing'ono abwera ndi dalaivala wake. Kwa ife amene sitidazolowere misewu ya mu mzinda, yachiwiriyi ndiyo yanzeru, pakuti kudziwa kuyendetsa pa msewu wa ku munda sindiko kudziwa kulowa pa raundabauti pamene magalimoto achokera mbali zinayi.

2. Panganani zonse musanakwere, pamaso pa mboni, ndipo zilembedwe: mtengo, mafuta agula ndani, malo amene mukaima, ora lonyamuka ndi ora lobwerera, ndi chimene chidzachitika galimoto ikafa panjira. Mkangano wa pa msewu uchokera ku mau amene sadanenedwe pakhomo.

3. Onani ndi maso anu mapepala a galimoto: inshuwalansi, chiphaso chakuti galimotoyo njoyenera kuyenda pa msewu, ndi laisensi ya dalaivala. Onaninso matayala, pamodzi ndi lapadera lija. Musachite manyazi; mwanyamula miyoyo, simudanyamule matumba a mtedza.

4. Mipando ikakhala 7, anthu akhale 7. Kupanikiza anthu kuti mtengo utsike kuli kugula maliro motchipa.

5. Dalaivala asalawe mowa ngakhale dontho kufikira atakutulani pakhomo. Ndipo inu amuna musamuyese. Lamulo lachisanu la Mulungu, loletsa kupha, ligwiranso pa chiwongolero.

Tengani kamba wa kwanu, mbatata yootcha, mtedza, nthochi ndi madzi akumwa, pakuti chakudya cha mu mzinda chimeza ndalama. Mwana aliyense akhale ndi wamkulu womuyang'anira, ndiponso kapepala m'thumba kolembapo dzina la mudzi wake ndi nambala ya lamya ya kholo. Galimoto isanalize injini, chitani chizindikiro cha mtanda, ndi kupereka ulendo wanu kwa angelo otisunga.

Ku Likuni ndi ku Maula

Mkristu akafika pa mudzi wachilendo ayamba walonjera mwini mudzi. Chomwecho tiyambe ndi nyumba za Mulungu. Kumwera chakumadzulo kwa mzinda kuli Likuni, mayi wa mamishoni a chigawo chathu. Ansembe a White Fathers adayamba kumanga ku Chiwamba mu 1902, koma mu 1903 adasamukira ku Likuni. Pamene Boma la Lilongwe lidakhazikika mu 1904. Uzani ana anu chimenechi, kuti mtanda udafika Boma lisanakhazikike. Kumeneko aone tchalitchi, chipatala, sukulu za sekondale za anyamata ndi za atsikana, ndi nyumba ya makina osindikizira mabuku, imene idatulutsa nyuzipepala ya Odini ndi mabuku ambiri a mapemphero amene ali m'nyumba zathu.

Pochoka apo pitani ku Maula, ku tchalitchi cha mpando wa Ambuye Arkiepiskopi, choperekedwa kwa Amayi Maria a Afrika. Dayosizi ya Lilongwe idakhazikika mu 1959, Ambuye Joseph Fady ali episkopi wake woyamba. Mu 1972 adalowa Ambuye Patrick Kalilombe, mwana wa dziko lino, amene pa msonkhano waukulu wa zaka za 1973 mpaka 1975 adatsogolera akristu kuyamba Miphakati. Inde, Mphakati womwewo umene wasonkha ndalama za galimoto mwakwerayo, mizu yake ili pamenepa. Mu 2011 Lilongwe idakwezedwa kukhala Arkidayosizi, ndipo mu 2021 adakhala pa mpandowo Ambuye George Desmond Tambala. Lowani mwaulemu, gwadani pamaso pa Sakramenti Loyera, ndipo ana aone mpando umene achokerako amene abwera kudzawapatsa Ulimbitso.

Pafupi pomwepo pali nyumba ya masisitere a Poor Clares, amene adatsekera dziko kunja kuti alipempherere usana ndi usiku. Ndipo si patali ndi apo pali ndende ya Maula. Podutsa pamenepo musaloze chala ndi kuseka, koma nenani Tikuoneni Maria mmodzi chifukwa cha am'ndende, pakuti ena a iwo adachoka m'midzi yonga yathu, atabwera kudzafuna chuma cha msanga.

Tauni yakale ndi mtsinje

Tsikirani tsono ku tauni yakale, pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, umene udapatsa mzinda dzina. Pano mpamene zonse zidayambira, m'dziko la mfumu Njewa: kanyumba ka Bwana wa Boma, masitolo a Amwenye, ndi msika. Chimene chidakuza kamudziko ndicho fodya. Cha m'ma 1920 Mzungu wina, A. F. Barron, adayamba kulimitsa fodya ku Mbabzi, kumadzulo kwathu konkuno, ndipo mu 1926 Boma lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loyang'anira fodya wa anthu akuda. Agogo athu adasenza fodya wa chikopa pamutu ndi pa ngolo, ndipo ndalama zake zidamanga masitolo amene muonawo. Mu 1947 Lilongwe idayesedwa tauni.

Galimoto iime pa malo otetezeka, dalaivala akhale momwemo, inu muyende ndi miyendo pang'ono. Mudzaona mzikiti waukulu wa abale athu Asilamu, msewu wa Malangalanga wodzala ndi malonda, depoti ya mabasi, ndi msika umene muli chilichonse, kuyambira singano kufikira chitsulo cha galimoto. Amayi ayang'ane mtengo wa tomato, nyemba ndi mtedza, naufanizire ndi umene mavenda atigula nawo pakhomo. Phunziro limenelo lokha libweza ndalama ya hayala. Koma thumba likhale kutsogolo, ndipo munthu wosamdziwa akakuitanirani pambali ndi mau okoma, yendani. Kuli kanjira kena komweko kamene anthu a mu mzinda eni ake adakatcha Devil Street, ndiko kuti msewu wa Satana. Sitidatche ndife aphunzitsi dzinalo. Amuna angati adagulitsa fodya wa chaka chathunthu, nalowa m'malo otere ndi matumba otupa, nabwerera kumudzi ndi malaya okha, ana ali kudikira fizi? Amene apita ndi mkazi wake ndi ana ake sasochera njira imeneyo.

Poima pa mlatho, yang'anani madziwo. Achokera ku mapiri a Dzalanyama, naima m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, kumene mzinda utunga madzi ake akumwa. Mitengo ya ku Dzalanyama ikatha ndi makala, mipopi ya mu mzinda iuma. Mwana azindikire pamenepo kuti mzinda umwa kuchokera kumudzi.

Nkhalango ya pakati pa mzinda

Pakati pa tauni yakale ndi mzinda watsopano, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, padasiyidwa nkhalango, ndipo m'menemo muli Lilongwe Wildlife Centre. Ano ndi malo osamalira nyama zakutchire zovulala, zamasiye, ndi zolandidwa kwa anthu ozigulitsa mobisa, kuti zikachira zibwezedwe kutchire. Polowa alipiritsa. Ana asayembekeze nyama zofoleredwa m'makola monga mbuzi pa msika. Koma poyenda mwakachetechete m'tinjira ta m'nkhalangomo angathe kuona apusi, mbawala ndi mbalame zamitundumitundu, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Akulu aonemo chinthu china: mithethe, mikuyu ndi mitengo ina yachilengedwe itaima monga inkaimira kwathu, zigafa ndi nkhuni zochizira fodya zisanaimalize. Nchomvetsa chisoni kuti mwana wa ku Nsaru akwere galimoto kukaona nkhalango mu mzinda. Pobwerako, banja lililonse lidzale mitengo.

Kumene dziko lilamulidwa

Kupyola nkhalangoyo mwalowa mu mzinda watsopano, wa misewu yotakata ndi nyumba zosanja. Kale likulu la dziko linali ku Zomba. Titalandira ufulu mu 1964, Dr Hastings Kamuzu Banda adafuna kuti likulu likhale pakati pa dziko, kuti chitukuko chifikenso ku chigawo chapakati ndi cha kumpoto. Ntchito idayamba ndi ngongole yochokera ku South Africa, ndipo mu 1975 Lilongwe idakhala likulu. Tisaiwale kuti pamene paima maofesi a Capital Hill ndi nyumba zinazo panali midzi, minda ndi manda a anthu, amene adasamutsidwa kuti mzinda upeze malo. Mzinda umene unali kamudzi ka mfumu Njewa udapezeka ndi anthu 989,318 pa kalembera wa 2018.

Mudzaona Nyumba ya Malamulo, yomangidwa ndi chithandizo cha dziko la China, yotsegulidwa mu 2010. Tulutsani ndalama ya pepala ya K200, imene kumaso kwake kuli Mayi Rose Chibambo. Itembenuzeni, ndipo ana aone kuti nyumba yojambulidwa kuseri kwake ndi yomweyo ili patsogolo pawo. Kuyambira pa chisankho cha 2025 m'nyumbamo muli mipando ya aphungu 229, ndipo umodzi mwa iyo ngwa dera lathu. Auzeni ana kuti amene akhalapo adatumidwa ndi ife, ndipo kuti voti yogulitsidwa ndi mchere kapena chitenje ilira zaka zisanu.

Pafupi pomwepo pali manda a Dr Banda, amene adamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997. Chinyumba cha pa mandapo chidatsegulidwa mu 2006. Nsanamira zake zikumbutsa ngodya zinayi zimene iye ankalalika: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Akulu afotokozere ana zonse ziwiri moona: misewu, zipatala ndi sukulu zimene zidamangidwa m'nthawi yake, ndiponso mantha, ndende zopanda mlandu ndi misozi ya mabanja ambiri. Awauzenso za kalata ya Aepiskopi athu ya m'nyengo ya Lenti ya 1992, imene idawerengedwa m'matchalitchi onse, niyamba kutsegula pakamwa pa anthu, kufikira riferendamu ya 1993. Ndipo poima pa mandapo tilingalire kuti munthu amene dziko lonse linkamuvinira wagona m'dothi monga agonera mlimi wosauka, ndipo onse awiri adzaima pa bwalo limodzi.

Chakumpoto pang'ono, ku Area 18, kuli chipilala chachitali chokumbutsa amene adafa pa nkhondo ziwiri zazikulu, ya 1914 mpaka 1918 ndi ya 1939 mpaka 1945. Pali mabanja ambiri kwathu kuno amene agogo awo adatengedwa kukakhala asilikali kapena amtengatenga, osabwerakonso. Vulani zipewa, ndi kuwapempherera mpumulo wosatha.

Ku Kanengo, kumene thukuta lathu lipita

Ngati pali malo amodzi amene mlimi wa ku Nsaru sayenera kuwalumpha, ndiwo Kanengo, kumpoto kwa mzinda. Muli patali mudzayamba kuona nkhokwe zazikulu za simenti zosungiramo chimanga cha dziko pokonzekera chaka cha njala. Pomwepo pali okushoni ya fodya, ndi mafakitale a makampani amene agula fodyayo, namkonza, namtumiza kunja kwa nyanja. M'nyengo ya malonda, imene kawirikawiri iyamba mu Epulo, malole a mabelo andanda pa msewu, ndipo fungo la fodya limveka galimoto isanaime. Kulowa m'katimo kufuna chilolezo, tsono funsiranitu kwa akulu a kalabu yanu. Koma ngakhale kuima panja kuli ndi phunziro.

Mtengo wa fodya kumeneko uwerengedwa m'madola a ku America pa kilogalamu, molingana ndi giredi yake. Zaka zino fodya wambiri agulidwa pa mgwirizano umene mlimi apangana ndi kampani asanadzale, ndipo pa malipiro ake achotsapo ngongole ya zipangizo, mtengo wa lole ndi misonkho ina. Chotsalacho ndicho chifika m'manja mwake. Mnyamata amene adzalowa m'munda wa atate ake aone zimenezi ndi maso, kuti adziwe chifukwa chake tilimbikira kusankha bwino masamba, ndi chifukwa chake belo lobisamo zinyalala libwezedwa, nilichititsa manyazi mudzi wonse. Adziwenso kuti nyumba zosanja adaonazo sizidagwe kumwamba: ndalama zakunja zimene dziko ligulira mafuta a galimoto mwakwerayo, gawo lalikulu lichokera m'zigafa za anthu onga atate ake. Mwana wodziwa ichi sachita manyazi ndi khasu.

Nthawi ikalola, pitirirani ku Lumbadzi, ku bwalo la ndege la Kamuzu, kuti ana aone ndege ili kutera. Koma dzuwa likapendeka, lekani. Ndege zidzakhalapo chaka chamawa.

Zimene galimoto isabise

Pobwerera mudzaona bwalo lalikulu la masewera la Bingu, ku Area 48, lotsegulidwa mu 2017, lokwana anthu oposa 40,000. Anyamata adzakondwa nalo. Koma inu makolo kumbukirani kuti pa 6 Julaye chaka chomwecho, tsiku la chikondwerero cha ufulu, anthu 8 adafa pa zipata zake poponderezana, ndipo ambiri a iwo anali ana. Pamene pali chipiringu, mwana wamng'ono asalowepo.

Tipemphanso chinthu chimodzi chimene dalaivala sadzachiganiza yekha. Muuzeni adutse pang'onopang'ono m'mbali mwa Mtandire, kapena Mgona, kapena Chinsapo, kumene kukhala unyinji wa anthu amene adachoka kumudzi kudzafuna ntchito. Kumeneko banja lathunthu lipanikizana m'kachipinda ka lendi, ligula madzi pa ndowa, makala pa kapepala, ufa pa kambale, ndipo tsiku limene ganyu sadapezeke moto suyaka. Sitipitako kukaseka, pakuti ndi abale athu, ndipo ambiri a iwo ndi akristu olimba, ogwira ntchito moona mtima. Tipitako kuti ana aone mzinda wonse. Aonenso ana opempha pa mphambano za misewu, amene agona m'makhonde a masitolo. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene aonetsa mwana wake nyumba zosanja zokha wamnamiza, ngakhale sadanene bodza ndi pakamwa.

Ndipo ngati pali wodwala wa m'mudzi mwanu amene agona ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central kapena ku Bwaila, musabwerere osamuona. Tengani kaufa ndi kankhuku kwa amene ali kumdikirira. Mwayenda ndi galimoto yolipira kale. Nanga mudzati chiyani pamaso pa Mulungu, mutaona mbawala ndi ndege, koma mbale wanu wodwala osamzonda?

Kubwerera

Nyamukani dzuwa likadali m'mwamba, pakuti msewu wa usiku uli ndi njinga zopanda nyale, ngolo ndi oledzera. Werengani anthu musanatseke chitseko. Msungichuma afotokoze za ndalama zonse pamaso pa onse amene adasonkha, kufikira tambala yotsiriza, kuti ulendo wa chikondi usabale udani mu Mphakati.

Madzulo, mutadya, khalani pansi ndi ana, muwafunse mmodzimmodzi chimene adaona, chimene chidamkondweretsa ndi chimene chidammvetsa chisoni. Sititi mwana asadzakhale mu mzinda. Mzinda ufuna anamwino, aphunzitsi, amisiri, ansembe ndi aphungu oopa Mulungu, ndipo tikhumba kuti ena a iwo adzachoke kuno kwathu. Koma adzapiteko ndi maphunziro kapena luso m'manja, ndi dalitso la makolo, akudziwa kumene apita ndi kumene achokera. Mwana akanena kuti, Ine ndidzagwira ntchito m'nyumba zija, musamseke. Muuzeni kuti njira yopita kumeneko idzera pa khomo la sukulu, ndipo m'mawa mwake mumdzutse msanga.

Banja Loyera la ku Nazareti, limene lidayenda maulendo ambiri ndi kubwerera kwawo mu mtendere, likusungeni popita ndi pobwera.

Ndife anu mwa Ambuye,
Mphunzitsi wa Eklezia, ku Nsaru